Mwana wanga walemba kuti 0.5 ndi 5%, ndimuthandize bwanji?

Mayi ena a ku Ndirande anditumizira imelo, ndipo mwachidule akuti: "Mwana wanga ali Sitandade 7, chaka chamawa alemba mayeso a Sitandade 8 (PSLCE). Masamu ena amakhoza ndithu, koma akafika posintha fraction kukhala decimal kapena peresenti, mutu umaima. Dzulo analemba kuti 0.5 ndi 5%, aphunzitsi anamuthetha. Ine sukulu ndinalekezera Folomu 2 kalekale. Ndingamuthandize bwanji osamusokoneza?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima: masamu amenewa mumawachita kale tsiku ndi tsiku. Mukagula theka la thumba la chimanga la makilo 50, palibe amakuuzani kuti ndi makilo 25. Ku banki m'khonde akakuuzani kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti, mumadziwa kuti pa K10,000 mubweza K12,000 musanagwire n'cholembera chomwe. Chimene chikumuvuta mwana wanu n'chakuti akuona 1/2, 0.5 ndi 50% ngati zinthu zitatu zosiyana, chikhalirecho ndi munthu mmodzi amene wangosintha malaya. Lonselo ndi theka.

Cholakwa chakecho ndikuchidziwa bwino gwero lake. Anauzidwa kuti "suntha kadontho kawiri", analoweza, koma atayang'ana 0.5 anapeza nambala imodzi yokha kuseri kwa kadontho. Ndiye anangofufuta ziro ndi kadontho, n'kuphatika chizindikiro cha %. Lamulo la kadontholo si labodza ayi, koma ine sindilikonda likabwera poyamba, chifukwa mwana akaliiwala m'chipinda cha mayeso alibenso pogwira.

Yambani ndi ndalama. Kwacha imodzi ndi matambala 100. Ana a masiku ano tambala sanaigwirepo, ngakhale pamsika wa Ndirande simungagule nayo ndi kamtengo kamodzi ka machesi, koma pa masamu ikadali ndi ntchito. Peresenti tanthauzo lake ndi "pa 100 alionse". Choncho muuzeni aziona decimal iliyonse ngati mtengo wolembedwa m'makwacha, n'kudzifunsa kuti amenewa ndi matambala angati. Ndalama timalemba ndi nambala ziwiri kuseri kwa kadontho, ndiye 0.5 ailembe K0.50. Matambala 50 pa 100, 50%. Kenako mufunseni kuti nanga matambala asanu okha angawalembe bwanji. Akalemba K0.05, aziika ziwirizo pamodzi, 0.50 ndi 0.05, aziyang'ane. Ana ambiri amaseka okha akafika pamenepa.

Njira yomweyi imachiza matenda ena amene mwina simunawaone. Mufunseni kuti chachikulu n'chiti pakati pa 0.25 ndi 0.5. Ambiri amayankha 0.25, poti 25 imaposa 5. Koma matambala 25 ndi matambala 50 palibe mwana angasokoneze.

Tibwere ku fraction. Kamzere kapakati kaja kamatanthauza kugawa, yapamwamba kuigawa ndi yapansi. 3/4 ndi 3 ÷ 4. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna: amaona kuti 4 ndi yaikulu, ndiye amatembenuza n'kuchita 4 ÷ 3, n'kupeza 1.33. Mphunzitseni kudzifunsa asanayambe kugawa: kodi yankho langa lidutsa 1 kapena ayi? Buledi mmodzi mwamudula pa 4, mwatenga zidutswa zitatu, simungakhale ndi buledi woposa mmodzi. Yankho liyenera kuyamba ndi ziro. 3 ÷ 4 ndi 0.75, matambala 75, 75%.

Komabe si nthawi zonse pofunika kugawa kwakutali kuja. Nambala yapansi ikakhala 2, 4, 5, 10, 20, 25 kapena 50, pali chidule, chifukwa zonsezi zimalowa mu 100 popanda chotsala. Tengani pepala lake lenileni la mayeso. Ngati anapeza 18 pa 25, mufunseni kuti 25 imalowa kangati mu 100. Kanayi. Achulukitse 18 kanayi, apeza 72. Ndiye 18/25 ndi 72/100, ndi 0.72, ndi 72%. Mwana amachita chidwi kwambiri zikakhala kuti malikisiwo ndi ake.

Yapansi ikakhala 8, zimauma pang'ono. Ine ndimachoka pa kwacha imodzi n'kupita pa K1,000. Anthu 8 akagawana K1,000, aliyense alandira K125. Choncho 1/8 ndi 125 pa 1,000, kapena 0.125. Matambala 12 ndi theka, 12.5%. Anthu atatu mwa iwo akaphatikiza zawo ndi K375, ndiye 3/8 ndi 0.375, yomwe ndi 37.5%. Peresenti kukhala ndi kadontho si cholakwa, musamulole afufute.

Ndiye pali 1/3, yamakani. Anthu atatu akagawana K100, aliyense atenga K33, kwacha imodzi n'kutsala patebulo. Agawanenso imeneyo, aliyense matambala 33, tambala imodzi n'kutsalanso. Sizitha. N'chifukwa chake 1/3 ndi 0.333... mpaka kalekale, ndipo pa peresenti timalemba 33⅓%. Akalemba 0.3 kapena 30% ndiye kuti wasiya ndalama patebulo.

Kubwerera m'mbuyo n'kosavuta. 35% ndi 35/100. Agawe pamwamba ndi pansi ndi 5, apeza 7/20. 0.6 ndi matambala 60, 60/100, yomwe imatsika kufika pa 3/5. Chimene ana amatayira malikisi apa n'kulekera panjira osatsitsa fraction mpaka pamapeto. Ndipo akadzakumana ndi 150% asachite mantha: ndi kwacha imodzi ndi matambala 50, kutanthauza 1.5, kapena 1½.

Pali zochepa zimene ndimati mwana aloweze ngati dzina lake, koma ataziona kaye mmene zabwerera: 1/2 ndi 50%, 1/4 ndi 25%, 3/4 ndi 75%, 1/5 ndi 20%, 1/10 ndi 10%, kuphatikizapo 1/8 ndi 1/3 zija. Zilembeni pa katoni, muipachike pamene amadyera. Akadziwa 1/5, ndiye 2/5 ndi 4/5 azipeza yekha.

Chinthu china chimene simunafunse koma chikubwera kutsogoloku, makamaka akalowa Folomu 1: peresenti nthawi zonse imakhala ya chinachake, ndipo muyenera kudziwa kuti ndi ya chiyani. Ngakhale akuluakulufe chimatipunthwitsa. Mukukumbukira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700? Tonse tinkati 44 peresenti. Kusiyana kwake ndi K520. Mukagawa 520 ndi 1,180 mupezadi 0.44, kutanthauza kuti mtengo wa dola unakwera ndi 44%. Koma mukafunsa kuti kwacha ya m'thumba mwanu inataya mphamvu yochuluka bwanji pogula dola, mugawa 520 ndi 1,700, ndipo mupeza pafupifupi 31%. Nambala zonse ziwiri n'zoona, zangosiyana chimene chili pansi pa kamzere. Pa msinkhu wa mwana wanu chitsanzo chofewa ndi ichi: tomato wa K1,000 akakwera ndi 50% afika K1,500, koma akatsikanso ndi 50% safika K1,000, agwera pa K750. Muloleni akutsutseni kaye, kenako awerengere yekha.

Za calculator ya pafoni, ine ndimati aigwire pomaliza, pofuna kuona ngati wakhoza. Ikabwera poyamba imamulanda mwana mwayi woganiza kuti yankho liyenera kukhala lalikulu bwanji.

Ndipo musadikire kuti mukhale pansi ndi kope. Mukakwera naye minibasi yopita ku Limbe, awerenge anthu amene alimo. Ngati muli 16 ndipo amayi ndi 4, ndi fraction yanji imeneyo, nanga peresenti yake? Mukamagawa mandasi 20 n'kutsala 3, atsala maperesenti angati? Mphindi khumi patsiku zakwana, bola zisamadumphe masiku ambiri.

Madzulo ano mupatseni zitatu izi zokha: 0.7, 0.07 ndi 7/20, asinthe zonse zikhale peresenti. Mayankho ndi 70%, 7% ndi 35%, koma musamuonetse. Akalakwa yoyambayo, musamuuze za kadontho. Mungomufunsa kuti, "Amenewo ndi matambala angati?"