Kodi dalaivala angamangidwe chifukwa cha katundu wakuba wochokera ku Mozambique?

Bambo wina wa ku Namwera watilembera kalata. Akuti munthu wina akufuna kumulemba ganyu yonyamula njinga zamoto ziwiri pa galimoto yake kuchokera ku Mandimba ku Mozambique kukafika pa boma la Mangochi. Ndalama yake ndi yabwino, koma mwini katunduyo akufuna ayende usiku, osadzera pa chipata cha m'malire cha Chiponde. Funso lake: zikapezeka kuti n'zakuba, iye ali ndi mlandu?

Bambo, mlandu ulipo, ndipo ganyu imeneyo ikaneni.

Ambiri amaganiza kuti katundu akabedwa kunja kwa dziko, khoti la kuno lilibe naye ntchito. Gawo 331 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, linatseka khomo limenelo: wolandira kapena kusunga katundu wobedwa kunja kwa Malawi angathe kukhala m'ndende zaka 7. Ngati njingazo zinabedwa konkuno, gawo 328 limafika zaka 14. Gawo 21 nalo limati wothandizira mlandu amawerengedwa ngati wopalamula, ndipo kunyamula n'kuthandizira.

Chimene chimagwetsa madalaivala ndi mawu akuti "sindinkadziwa". Lamulo silifunsa zimene munkadziwa zokha ayi. Limafunsanso ngati panali chifukwa choti mukhulupirire kuti katunduyo ndi wakuba. Ulendo wa usiku, njira yozemba, malipiro opitirira a masiku onse, njinga yopanda makiyi kapena yopalidwa nambala, zonsezi woweruza amaziika pamodzi. Zitatu mwa izi mwazilemba nokha m'kalata yanu! Palinso gawo 329: apolisi akakugwirani mutanyamula katundu wokayikitsa, inuyo ndi amene muyenera kufotokoza mokhutiritsa khoti mmene anafikira m'manja mwanu. Kuzemba pa chipata ndi mlandu winanso wa ku MRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo galimoto yanu ikhoza kulandidwa.

Musanakweze njinga iliyonse, onani mapepala ake ndi kalata yogulitsira. Yerekezerani nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa papepala, chilembo ndi chilembo, mutapukuta fumbi. Jambulani chiphaso cha wokutumaniyo, sungani mauthenga a pafoni, ndipo iye akwere nanu mpaka katundu alembetsedwe pa Chiponde masana. Akakana chimodzi mwa izi, musanyamule.

Ngati mwagwidwa kale, musasayine sitetimenti yomwe simunaiwerenge kapena kuimva. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wokhala chete, wopeza loya, komanso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo tsikulo likakhala kuti khoti silikugwira ntchito, tsiku loyamba lotsatira limene khoti likugwira ntchito. Ngati ndalama ya loya palibe, abale anu apite ku Legal Aid Bureau msanga.