Funsani Anamwino: Malume atagwa pachigayo tinawathira madzi

FUNSO: Zikomo anamwino. Mwezi wathawu malume anga anagwa mwadzidzidzi pachigayo akudikira ufa. Tinawathira madzi kumutu, amayi ena n'kumawakupiza ndi chitenje, wina n'kuthamangira anyezi woti anunkhize. Ankapuma mokoka ngati akuliza mkonono, ndiye tinkati atsitsimuka. Pomwe tinkafika kuchipatala anali atatisiya kale. Adokotala anafunsa ngati panali amene anawachita CPR, ine ndinangoti kakasi. Kodi CPR n'chiyani? Nanga ndikanaidziwa, bwenzi malume ali moyo?
Wosweka mtima, Mponela

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi limene likukusowetsani tulo. Palibe angalumbire kuti malume akanapulumuka. Ngakhale kumayiko kumene ambulansi imafika msanga, ambiri amene mtima wawo waimira kunja kwa chipatala sabwerera. Munachita zimene munkadziwa. Koma ndisakunamizeni, madzi ndi anyezi sizinawathandize. Munthu wongokomoka amadzuka yekha pakangopita kanthawi, madziwo n'kutamandidwa pa ntchito yomwe sanagwire.

Chimene chinakupusitsani ndi mkonono uja, ndipo chimapusitsa ambiri. Mtima ukaima, munthu amatha kumakoka mpweya mwa apo ndi apo, kukamwa kuli yasa, kwa mphindi zingapo. Kumeneko si kupuma. Munthu akagwa, mukamugwedeza ndi kumuitana osayankha, ndipo kapumidwe kake n'kotere kapena sakupuma n'komwe, dziwani kuti magazi aleka kupita ku ubongo. Ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Galimoto ya pachigayo siingapezeke m'mphindi zimenezo.

CPR ndi kugwira ntchito ya mtima ndi manja anu. Lozani munthu mmodzi, osati gulu, kuti "inu a malaya ofiira, kapezeni galimoto". Mugonekeni wodwalayo chagada pamalo olimba, pansi penipeni, osati pamatiresi. Gwadani pambali pake, ikani kumunsi kwa chikhatho pakati pa chifuwa, pafupa lija, dzanja linalo pamwamba. Zigongono zisapindike. Dinikizani ndi thupi lanu lonse mpaka chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6, chibwerere, mudinikizenso, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, kutanthauza pafupifupi kawiri pa sekondi. Amene anaphunzira amadinikiza ka 30, n'kupendeketsa mutu, kukweza chibwano, kutsina mphuno ndi kuuzira mpweya m'kamwa kawiri. Ngati simunaphunzire kapena mukuchita mantha ndi pakamwa pa munthu wachilendo, ingodinikizani osalekeza. Mwana ndiponso munthu amene wamira m'madzi ndi amene amafunikira kwambiri kuuziridwa mpweyako.

Ntchitoyi ndi yotopetsa kuposa kusinja. Sinthanani pa mphindi ziwiri zilizonse, ndipo musaleke ngakhale mwakwera kumbuyo kwa pikiapu.

Pali china chimene simunafunse koma ndikudziwa kuti chimamanga anthu manja kwathu kuno: kuopa kuti achibale adzati wamupha ndiwe, tinakuona ukumukanyanga pachifuwa. Ine tsiku loyamba kuchita CPR pa munthu weniweni, agogo ena mu wodi, nthiti inathyoka pansi pa dzanja langa, ndinaimva kuti thyo. Ndinachotsa manja. Asisitala anga anandikalipira pomwepo kuti ndibwezeretse manjawo msanga. Nthiti zimathyokadi nthawi zina, makamaka kwa okalamba, ndipo zimapola. Munthu amene mtima wake waima simungamuwonjezere vuto. Mukamadinikiza muziwerenga mokweza ndi kuwauza anthu chimene mukuchita, kuti asayambe maliro munthu akadali ndi mwayi.

Ngati mumatsata mpira mukukumbuka Christian Eriksen wa timu ya Denmark. Pa 12 Juni 2021 anagwa m'bwalo ku Copenhagen akusewera ndi Finland. Anamuyamba CPR pomwepo pakapinga, n'kumugunda ndi makina a magetsi otchedwa defibrillator, ndipo patapita miyezi anabwereranso m'bwalo. Makina amenewo ndi amene kawirikawiri amabwezera mtima m'chimake. Manja anu amangosunga ubongo kufikira thandizolo litapezeka. Pachigayo palibe makina otere, n'chifukwa chake galimoto ndi manja ziyenera kuyambira limodzi.

Zimene ndalembazi sizingalowe m'manja pongowerenga. A Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo amakhala ndi chidole choyeserera chimene mumachidinikiza mpaka thukuta. Kafunseni ku ofesi ya Red Cross ya m'boma lanu kapena kwa azaumoyo akwanuko. Popita mutengeko mwini chigayo uja ndi anyamata awiri a kabaza, poti iwo ndi amene amakhala pamsika tsiku lonse.