Kodi Jordan Love adzafika pamene anafika Aaron Rodgers?

Achimwene, mwandilembera imelo kuchokera ku Milwaukee kuti anzanu akuntchito sakugwirizana. Ena akuti Jordan Love ndi Aaron Rodgers wachiwiri, ena akuti timu ya mpira wa ku America ya Green Bay Packers inangomwaza ndalama pa iye. Mukufuna ndikuuzeni amene akunena zoona.

Kwa amene sanazolowere mpira wa ku America, quarterback ndi amene amaponya mpira ndi kutsogolera timu ikamapita kukagoletsa. Iyeyo akasokoneza, timu yonse yasokonekera. Awa ndiwo malo a Love, omwenso Rodgers ankasewera ku Packers.

Kufanana kulipodi. Packers inatenga Rodgers mu 2005, ndipo anakhala pabenchi zaka zitatu kudikira kuti Brett Favre, yemwe anali quarterback wa timuyi nthawi imeneyo, achoke. Love anatengedwa mu 2020, nayenso zaka zitatu pabenchi kudikira Rodgers. Mu 2008, chaka chake choyamba kukhala woyamba pamalowo, Rodgers anaponya mayadi 4,038 ndi ma touchdown (kugoletsa pofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo) 28, koma timu inawina magemu 6 okha mwa 16. Love mu 2023 anaponya mayadi 4,159 ndi ma touchdown 32, n'kukafika nayo timu mu ma playoff (magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni, oyamba mu January), komwe anakaswa Dallas Cowboys 48-32 pakwawo penipeni. Tikangoona chaka choyamba, mwanayu anamposa mkuluyo. N'chifukwa chake mu 2024 anamusainitsa kontirakiti ya zaka zinayi ya madola 220 miliyoni.

Koma ine sindikugwirizana ndi anzanu oyambawo. Chimene chinamusiyanitsa Rodgers ndi anzake sichinali mphamvu ya dzanja chabe. Munthu uja sankapatsa adani mpira. Mu 2011 anaponya ma touchdown 45, adani n'kumuwakhira mipira 6 yokha. Mu 2018 anamuwakhira iwiri yokha sizoni yonse. Apo n'kuwonjezera ma MVP (mphoto ya wosewera wopambana onse pa sizoni) anayi ndi Super Bowl (fainali ya chikho) ya mu February 2011, momwe anagonjetsa Pittsburgh Steelers.

Tsono kumbukirani mmene ulendo wa Love unathera sabata yotsatira atachoka ku Dallas. Akutsalira 24-21 kwa San Francisco 49ers, nthawi ikutha, anathawira kumanja n'kuponya mpira chopingasa kubwerera pakati pa bwalo, Dre Greenlaw n'kuuwakha. Ndinangogwira kumutu. Kaponyedwe kameneko si ka Rodgers, ndi ka Favre, yemwe anali wolimba mtima mopitirira muyeso mpaka kuwakhiridwa mipira 336 pa moyo wake wonse wosewera, yochuluka kuposa wina aliyense mu NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu. Kunena kuti Love akufanana ndi Favre si kumunyoza ayi, pajatu Favre naye anabweretsa chikho ku Green Bay.

Ndiye mukabwerera kuntchito, auzeni a mbali yachiwiriwo kuti ndalama sizinatayike, mnyamatayu mpira amautha. A mbali yoyambawo auzeni asiye kuwerenga mayadi, aziwerenga mipira imene Love akupatsa adani gemu ikavuta mu January.