Tracker ikamazimazima pamabampu, yambani mwaona kapulagi ka eriyo

Funso: Amisiri, ndili ndi maminibasi awiri a Hiace. Imodzi imayenda Area 25 ndi m'tauni, inayo imapita ku Mitundu. Onse ndinawaikitsa tracker, kachipangizo koonetsa pafoni pamene galimoto ili, tsiku limodzi, koma ya ku Mitunduyo imangosowa pafoni. Nthawi zina imaonetsa kuti yaima pamalo amodzi maola atatu pomwe dalaivala akulumbira kuti akuyenda. Amene anaika akuti ndi netiweki. Ndasintha SIM koma palibe chasintha. Ndigule tracker ina, kapena dalaivalayu akundinamiza?

Yankho: Bwana, musagule kaye ina, ndiponso dalaivalayo musamuweruze msanga. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayikira kanthu kakang'ono ngati njere ya chimanga: kapulagi kamene kamalumikiza waya wa eriyo ku tracker.

Choyamba siyanitsani mavuto awiri. Netiweki ikasowa, ma tracker ambiri amasunga kaye ulendo wonse m'kati mwawo, ndiye akafika pamene pali netiweki amatumiza zonse, mzere wa ulendo n'kuoneka wathunthu. Koma ikamaoneka kuti ili pa intaneti bwinobwino, n'kumangoloza malo amodzi kapena kudumphadumpha, ndiye kuti yataya masetilaiti a GPS. Pamenepo SIM ilibe mlandu.

Masetilaiti amenewa ali kutali makilomita pafupifupi 20,200, ndipo mafunde ake, a 1575.42 MHz, amafika pansi pano atatheratu mphamvu. N'chifukwa chake kaeriyo kakuda kaja, kooneka ngati bokosi la machesi, kali ndi kachipangizo kokuza mafunde m'kati mwake. Kachipangizoko kamadya magetsi a mavolti 3 mpaka 5 ochokera mu tracker, ndipo amadutsa m'waya womwewo umene mafunde amabwerera. Ndiye pulagi ikangolekana pang'ono pabampu, zonse ziwiri zimaduka nthawi imodzi. Galimoto ikayenda pamalo osalala zimabwerera. Imene ikukumana ndi maenje ambiri ndi fumbi ndi imene imayamba kudwala.

Mwezi wathawu ndinatsegula dashibodi ya Hiace ina yodandaula zomwezi. Nati ya pulagi ndinaitembenuza ndi zala ziwiri, n'kumangozungulira ngati chivundikiro cha botolo chimene mwana waiwala kumanga. Nditaimasula, pachala panga panatsala kafumbi kachikasu konyezimira, mkuwa umene unakhala ukuperesana kwa miyezi. Kapini ka pakati kanali katada. Waya wonse unali lende, kulemera kwake konse kukukoka pa pulagi yomweyo, ndipo mwini wake anali atagula kale tracker yachiwiri imene sinkafunika n'komwe. Zimandiwawa zimenezi, chifukwa ndalama imeneyo ndi ya matayala.

Tsono mitundu ya timapulagi timeneti muidziwe, kuti mukamalankhula ndi woika muzimvana.

Yofala kwambiri pa ma tracker ndi SMA, yachikasu ngati golide, yomanga popotokola nati. Ndi yabwino, imanyamula mafunde mpaka 18 GHz, kupitirira kutali zimene galimoto imafuna. Vuto lake ndi limodzi: ikamangidwa ndi zala zokha, kunjenjemera kwa galimoto kumaimasula pang'onopang'ono. Imafuna sipanala ya 8. Mumange ndi zala mpaka itaima, kenako muonjezere pang'ono chabe ndi sipanala, osati kukoka ngati mukumanga nati ya tayala, chifukwa ya mkuwa sichedwa kupindika. Ndipo muzizunguliza nati yokha, thupi la pulagi mutaligwira. Mukazunguliza zonse pamodzi, kapini kamaperesa kabowo kake mpaka kukula.

Pa SMA pomwepa pali msampha umene wagwetsa anyamata ambiri. Pali ina yotchedwa RP-SMA, imene imapezeka pa maeriyo a Wi-Fi. Kunja n'zofanana ndendende, nati imalowa bwino ndipo imamanga, koma m'kati anasinthanitsa: pamene payenera kukhala pini pali bowo. Mukalumikiza yoteroyo ku SMA yaikazi, mwakumanitsa bowo ndi bowo linzake, palibe chikukhudzana. Musanapereke ndalama m'sitolo, kaya ndi ku Malangalanga kaya kwina, suzumirani m'kati mwa mbali zonse ziwiri. Kwina kukhale pini, kwinako bowo.

Imene ine ndimaikonda pa galimoto ndi FAKRA. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chijeremani, Fachkreis Automobil, chifukwa ndi opanga magalimoto a ku Germany amene anagwirizana za muyeso wake. M'kati mwake ndi pulagi yongokankha ya mtundu wa SMB, koma anaiveka chikhokho cha pulasitiki chokhala ndi kaloko. Mukaikankha imalira kuti "kha", ndipo singatuluke pokhapokha mutadina kalokoko. Palibe nati yoti imasuke. Imafika 6 GHz, zokwanira GPS, netiweki ya foni ndi wayilesi. Chinanso chimene anaganiza bwino n'chakuti chikhokho chilichonse chili ndi mtundu wake ndi timizere take, kotero simungalowetse waya wa GPS pamalo a waya wa foni ngakhale mukugwira ntchito mumdima pansi pa dashibodi. Ya buluu, yotchedwa C, ndi ya GPS. Yofiirira modera ngati vinyo, D, ndi ya netiweki ya foni. Yakuda, A, ndi ya wayilesi. Yoyera, B, ndi ya wayilesi imene eriyo yake imalandira magetsi kudzera m'waya womwewo. Palinso Z, yobiriwira motuwa ngati madzi, imene imalowa pafupifupi ponseponse, ndipo ineyo m'bokosi langa simusowa ziwiri kapena zitatu. Ndawaonapo ena akusema timizere tija ndi mpeni kuti pulagi ilowe pamene siyenera. Akatero amakhala aononga chinthu chenicheni chimene anagulira FAKRA.

Tina tating'onoting'ono, U.FL ndi MMCX, malo ake ndi m'kati mwa bokosi la chipangizo. U.FL inapangidwa kuti ichotsedwe ndi kubwezeredwa maulendo pafupifupi 30 basi. Mukaona woika watulutsa kawaya kopyapyala ngati ulusi kuchokera pa bolodi mpaka kunja popanda pulagi yolimba pakhoma la bokosi, muuzeni akonze.

Ndiye mawa m'mawa, minibasi isanapite kukaima pamzere, chitani izi. Yatsani tracker pabwalo poyera, wina aziyang'ana pafoni, inu muzigwedeza waya pafupi ndi pulagi. Masetilaiti akamasowa ndi kubwera, mwapeza. Amange bwino, ngati pini yada kapena yapindika asinthe pulagi yonse, kenako amangirire wayayo ku chitsulo kapena ku mtolo wa mawaya ena masentimita ochepa kuchoka pa pulagi, kuti pulagiyo isamanyamule katundu. Ngati tracker yanu ndi ija yopanda mawaya a eriyo kunja, ndiye onani pamene anaibisa: pansi pa chitsulo GPS simva, imafuna pamwamba pake pakhale pulasitiki kapena galasi.

Funso: Achimwene, waya wa eriyo ya GPS wandichepera ndi mita imodzi ndi theka. Kunyumba ndili ndi waya wotsala wa dishi ya DStv. Ndingadule n'kulumikiza, n'kukulunga tepi yakuda? Ndine wophunzira ntchito pa galaja ina ku Biwi.

Yankho: Mng'ono wanga, wachita bwino kufunsa usanadule. Usatero.

Waya wa eriyo si waya wa nyali. Ukausenda upeza kawaya ka pakati, pulasitiki yoyera yokazungulira, kenako timawaya toluka ngati nkhata, ndiye khungu lakunja. Mpata wa pakati pa kawaya ka m'kati ndi zolukazo ndi umene umapatsa waya muyeso wake, ndipo uyenera kukhala wofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zipangizo za GPS ndi za netiweki ya foni ndi za ma ohm 50. Waya wa dishi, RG-6, ndi wa ma ohm 75. Ndikuuze zoona, kusiyana kwa 50 ndi 75 pakokha kumangotaya mphamvu yochepa. Choipa chenicheni ndi polumikizapo. Ukapota mawaya ndi zala waphwasula mpata uja, mafunde ena amabwerera m'mbuyo, phokoso la injini limalowa, ndipo kawaya kamodzi ka zoluka kakangokhudza ka pakati, magetsi a eriyo aja wawapha. Komanso wa dishi uli ndi mtima umodzi wouma, anaupangira kukhomedwa pakhoma osagwedezeka. M'galimoto umathyoka. Tepi yakuda nayo, kutentha kwa mu Okutobala galimoto itaima padzuwa, imasungunuka ulimbo n'kumasuka yokha.

Njira yabwino koposa ndi kugula eriyo ina ya waya wautali, zilipo za mamita 3 ndi za mamita 5. Ikalephereka imeneyo, gula waya woonjezera wopanga kale wokhala ndi mapulagi mbali zonse. Koma usatalikitse mwachisawawa. Waya wa eriyo wotchedwa RG-174, wopyapyala uja wa mamilimita osakwana 3, pa mafunde a GPS umataya pafupifupi desibelo imodzi pa mita iliyonse, ndipo ukataya madesibelo atatu wataya theka la mphamvu yonse. Wotsala usaupinde ngati chingwe cha nsapato, uukulunge mozungulira motakasuka.

Poti ukuphunzira ntchito, uphunzirenso kuika pulagi wekha. Kachitsulo kozungulira kamene kamagwira zoluka zija kamafuna chopanira chake cha makona asanu ndi limodzi, pa RG-174 ndi pabowo la mainchesi 0.128. Pulayala wamba amangophwanya waya. Ukamawotcherera pini uchite mwachangu, chifukwa pulasitiki ya RG-174 imasungunuka msanga pini n'kupendekeka. RG-316 ndi wofanana kukula koma m'kati mwake muli pulasitiki ya Teflon, amapirira moto, ndipo ndi amene ndimaika pafupi ndi malo otentha. Ukamaliza, waya uli wosalumikiza kulikonse, yeza ndi mita yoyezera magetsi: pini ndi pini zilire, thupi ndi thupi zilire, koma pini ndi thupi pakhale zii.

Funso: Bambo, ndinachotsa wayilesi ya Chijapani mu Sienta yanga chifukwa sinkagwira masiteshoni ambiri, n'kuikitsa ya Android. Pano ikugwira koma ikungoti waaa ndikangotuluka m'tauni kulowera ku Salima, ndipo mapu sakuyenda.

Yankho: Mayi, yakaleyo sinali yoonongeka. Wayilesi za ku Japan zimagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, zatsopanoko mpaka 95, pomwe kuno timaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Kusintha munachita bwino.

Phokosolo nthawi zambiri limabwera chifukwa eriyo ya magalimoto ambiri otere ili ndi chokuzira mafunde chimene chimafuna mavolti 12. Pa wayilesi yatsopano pali waya wa buluu wolembedwa ANT, ndipo oika ambiri amausiya lende. Mu Lilongwe muno, pafupi ndi nsanja zoulutsira, simuzindikira, koma mukangotalikira zimaonekera. Bwererani akalumikize. Amene ali ndi Polo kapena magalimoto ena a ku Ulaya okhala ndi FAKRA yoyera, iwo amafunika adaputala imene imalowetsa magetsiwo m'waya wa eriyo momwemo.

Za mapu, eriyo ya GPS ya Chijapani kawirikawiri imakhala ndi pulagi ya makona anayi ya mtundu wa GT5, pomwe ya Android imafuna SMA kapena FAKRA. Asadule waya. Aike eriyo imene inabwera m'katoni ya wayilesiyo, pamwamba pa dashibodi pafupi ndi galasi.

Funso: Eriyo ya lole yanga ili padenga, ndipo pulagi yake ili panja. Mvula isanayambe ndiipake girisi?

Yankho: M'kati mwa pulagi musaikemo girisi, akulu, amasunga fumbi. Itsukeni ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi, iume, muimange, kenako muikulunge ndi tepi ya mphira ija yomatana yokha mukaikoka, kuyambira pa waya kukwera mpaka kuphimba nati. Pamwamba pake ndiye muike yakuda yoteteza kudzuwa. Waya usanalowe m'galimoto muugwetse pang'ono pansi ngati chilembo U kuti madzi azidonthera pamenepo. Mukasenda n'kupeza zoluka zabiriwira, madzi analowa kale ndipo amayenda m'kati mwa waya, ndiye musinthe waya wonse Novembala asanafike.