Focaccia yanu ikuuma chifukwa mukuopa madzi

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti anadya focaccia paukwati wa mnzake ndipo anaikonda, koma akaphika yekha imatuluka youma gwa ngati thabwa. Akufunsa ngati vuto ndi uvuni wake, komanso ngati buledi ameneyu si pizza chabe wopanda zapamwamba.

Mayi, uvuni wanu ulibe mlandu. Ndikukhulupirira kuti mukaona ufa wokanda ukumata m'manja, mumawonjezera ufa wina kuti usakumateni. Apo ndi pamene pamalakwika. Inenso ndinkatero poyamba, mpaka ndinasiya kuopa kumata.

Focaccia yomwe anthu ambiri amaidziwa ndi ya ku Genoa, mzinda wa padoko m'chigawo cha Liguria ku Italy. Kumeneko amaitcha fügassa, ndipo ena amaidya m'mawa akuiviika mu cappuccino, khofi wothira mkaka wa thovu. Imakhala yophwatalala, yokhuthala masentimita pafupifupi 2, pansi pali nkhoko yofiirira yokukutika, mkati mwake muli mofewa. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini lakuti focus, kutanthauza pamoto pophikira. Si pizza ayi. Pizza ya ku Naples, mzinda wina wa ku Italy, imapsa pasanathe mphindi 2 pamoto waukali, pomwe focaccia imafufumira m'thireyi momwemo, itakhuta mafuta.

Yesani chonchi: ufa wa tirigu magalamu 500, madzi mamililita 350, mchere magalamu 10, yisiti wouma supuni yaing'ono imodzi ndi theka, ndi mafuta a olivi masupuni akulu 2. Kandani, vindikirani, mudikire ufufume kawiri kukula kwake. Pakani mafuta m'thireyi mosaumira, yalani ndi manja, musiyenso kwa theka la ola.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Bayani ndi zala mpaka mumve chitsulo cha thireyi, timaenje tidzaze paliponse. Sakanizani madzi ofunda theka la kapu, mchere pang'ono ndi mafuta, mukhuthulire pamwamba. Ku Italy madzi amenewa amawatcha salamoia. Ziziwoneka ngati mwawononga, madzi ali thithithi m'timaenje. Musawakhuthule. Ndi omwewo amachititsa kuti pansi pa timaenje pakhale potuwa ndi pofewa, pamene timitunda tafiira n'kumalira potafuna. Dikiraninso ola limodzi, kenako ikani muuvuni wotentha madigiri 230 kwa mphindi 15 mpaka 20. Ikapsa, ichotseni m'thireyi msanga kuti nthunzi isafewetse nkhoko.

Pa mafuta ndikhale woona: a mpendadzuwa aphika, koma fungo limene munalikonda paukwati paja ndi la olivi. Ngati akudula, sungani ochepawo kuti mupake pamwamba ikangotuluka.

Mukaizolowera, yesani ya ku Bari, kum'mwera kwa Italy. Ambiri kumeneko amasakaniza mbatatesi yophika mu ufa, pamwamba n'kufinyirapo tomato wakupsa ndi manja.