Ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse koma mtima sukukondwa, ndalakwa pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Akuti mwezi ukangotha amathamangira pa Mukuru, ya fizi ya ana a achimwene ake, ya feteleza ya amayi, mwina kwagwanso maliro, ndiye kutchalitchi amamva kuti wopatsa ndi wodala koma iwo mumtima muli kuwawa kokhakokha, foni ya kumudzi ikalira mtima umangoti phwii. Akufunsa kuti kodi ndine wouma mtima kapena Mulungu wandiiwala?

Achemwali, ouma mtima si inu ayi. Wouma mtima sagona akulingalira za feteleza ya mayi ake.

Mawu amene mumamva kutchalitchiwo ali pa Machitidwe 20:35, Paulo anawanena ku Mileto potsanzikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso, ndipo amakumbutsa mawu a Yesu omwe simungawapeze mu Mateyu, Marko, Luka kapena Yohane. Liwu la Chigiriki pamenepo ndi makarios, ife timati kudala. Kudala si kusangalala kwa tsiku la malipiro kumene pofika pa 5 kwatha kale, ndi mtendere wa munthu amene akudziwa kuti iye ndi Mulungu wake ali bwinobwino olo m'thumba muli mbee. Ndiye musamayeze kudala kwanu ndi mmene mukumvera mukamatuluka pa Mukuru mutatopa.

Koma pali china chimene alaliki ambiri amadumpha, ndipo ine chimandipweteka. Paulo yemweyo posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu analembera Akorinto kuti cholinga si choti ena apume inu muzivutika, koma kuti pakhale kulingana. Werengani nokha 2 Akorinto 8:13-14. Kenako pa 9:7 akuti aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, osati monyinyirika kapena mokakamizidwa. Akhristu a ku Makedoniya anali amphawi zedi koma ankachita kupempha okha kuti nawo asonkheko, apa ndi pomwe chimwemwe chawo chinkachokera, anasankha okha. Inu simukusankha achemwali, mukungolipira ngongole imene simunakongole, ndipo palibe amavina pobweza ngongole.

Makolo anati kupatsa n'kuika, eya, koma sankanena banki yoti uyembekezere chiwongoladzanja. Ankanena zoika mwa anthu, kuti mudzi ukhale mudzi. Ndinazionera ndekha mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri la Soche matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Pa sukulu ina pomwe anthu ankagona panafika mayi wogulitsa mandasi atasenza beseni lodzaza, mpamba wake wonse umenewo, anangotula n'kuyamba kugawira ana, atamaliza anakhala pansi n'kumalira limodzi ndi azimayi anzake. Sankaseka ayi, koma nkhope yake inali ya munthu womasuka, ndimaikumbukirabe mpaka lero. Palibe anamuimbira foni kuti bweretsa.

Ndiye chitani chonchi. Imbirani amayi panokha, osati pa gulupu ya banja ya WhatsApp pomwe aliyense amayankhira, muwauze zoona za lendi yanu, thiransipoti ndi zomwe mumatsala nazo, chifukwa ambiri kumudzi amaganiza kuti ku Joni ndalama amatola pamsewu pomwe palibe anawauzapo. Mugwirizane ndalama imene mungakwanitse mwezi ndi mwezi osakongola, ndipo achimwene anu nawonso agwirepo pa fizi ya ana awo, n'ana awo amenewo. Ena akwiya, zimenezo muyembekezere.

Kenako patulani kandalama kochepa, olo R50, koti muzipatsa munthu amene sanakupempheni, kaya mnzanu amene ntchito yamuthera kaya gogo wina wa kumudzi amene alibe mwana kunja. Osauza aliyense. Ikatha miyezi itatu mudzandilemberenso mundiuze mmene mtima ukuchitira foni ya amayi ikalira.