Mitengo mwadzala koma mtsinje ukuphwabe? Kayambeni kumtunda

Mayi, funso lanu landikhudza. Mwati gulu lanu ladzala mitengo m'mbali mwa mtsinje zaka zitatu zotsatizana, koma mvula ikagwa madzi akubwerabe ofiira ndi matope, chilimwe chikafika mtsinje ukuphwa, ndipo anzanu ena ayamba kujomba ku misonkhano. Mukufunsa kuti mukulakwitsa pati.

Ntchito yanu sinapite pachabe, chifukwa mizu ya mitengo, bango ndi nsungwi imagwira gombe kuti lisagumuke. Koma matope mukuwaonawo sachokera pagombepo. Amachokera m'minda ya pamtunda, m'njira za ng'ombe, m'misewu ndi m'mapiri amene anametedwa mpala. Dontho lililonse logwa m'dera lonselo limatsetserekera mumtsinje umodzi womwewo. Nthaka ikakhala pamtetete, madzi amathamanga tsiku limodzi n'kupita. Ikakhala ndi udzu, zinyalala ndi mizu, madzi amalowa pansi ndipo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe miyezi yopanda mvula. Kusefukira kwa dzinja ndi kuphwa kwa chilimwe ndi matenda amodzi.

Ndiye mvula yamphamvu ikadzagwa, musabisale nonse m'nyumba. Anthu angapo atenge maambulera atsate madzi ofiirawo chokwera mpaka apeze pamene ayambira. Madzi saiwala khwawa, adzakulozerani okha zigwembe zoyenera kuyambira. Pamenepo ndi pofunika milambala yopingasa, maswale (ngalande zopingasa zogwira madzi kuti alowe pansi), udzu wa vetiva ndi timipanda ta miyala totchinga m'zigwembe zikadali zazing'ono. Chigwembe chikakula mpaka kumiza munthu, manja okha sachitha.

Nkhani imene imandilimbitsa mtima ndi ya mtsinje wa Arvari m'boma la Alwar ku Rajasthan, dziko la India. Unali utauma kwa zaka zambiri. Mu 1985 Rajendra Singh ndi bungwe la Tarun Bharat Sangh anayamba kugwira ntchito ndi anthu a m'midzi, kukonza timadamu ta dothi totchedwa johad, togwira madzi a mvula kuti alowe pansi. Sanayambe ndi mtsinje weniweniwo ayi. Zitsime ndi zimene zinayamba kudzaza, ndipo panatenga zaka pafupifupi 10 kuti Arvari ayambe kuyenda chaka chonse. Onani nthawi imeneyo, mayi, kenako muyerekeze ndi zaka zanu zitatu. Madzi atabwerera, midzi pafupifupi 70 inapanga msonkhano wake woyang'anira mtsinjewo, n'kugwirizana malamulo, kuphatikizapo kuletsa mbewu zomwa madzi ambiri monga nzimbe. Singh analandira mphoto ya padziko lonse ya za madzi yotchedwa Stockholm Water Prize mu 2015.

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera, ndipo ndikufunsani mosabisa: m'gulu lanu muli anthu angati a kumtunda? Kawirikawiri odandaula amakhala a kumunsi, amene minda yawo ikukwiririka ndi mchenga. Wa kumtunda amene akuotcha makala kapena kulima pamalo otsetsereka sakuona vuto, ndipo mukapita kukamuuza kuti asiye, mukumulanda chakudya cha ana ake kuti inu mupindule. Sangamve, ndipo ine sindimuweruza. Ayenera kupezapo kanthu iye mwini: chinyezi chokhalitsa m'munda mwake, udzu wa ziweto, nkhuni zosadzira, ming'oma ya njuchi m'nkhalango yotetezedwayo. Ngakhale mzinda wolemera wa New York unazindikira zimenezi. Mu 1997 unasainirana mgwirizano ndi madera a ku mapiri a Catskill, kumene kumachokera madzi ake ambiri akumwa, ndipo umalipira ntchito zothandiza alimi a kumeneko kuti ndowe ndi dothi zisalowe m'mitsinje. Inu mulibe ndalama za mzinda, koma muli ndi manja. Gulu lanu likhoza kupita kukakumba milambala m'munda wa munthu wa kumtunda, mwini wake n'kulonjeza kuisamala.

Malamulo nawonso apangidwe ndi anthu amene adzawatsatire, oweta ziweto, okumba mchenga ndi amayi otunga madzi ali pomwepo. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza magulu osamala nkhalango, madzi ndi msipu m'maiko ambiri. Anapeza kuti okhalitsa ndi amene malire awo amadziwika bwino, amalondera okha, ndipo chilango chawo chimayamba chochepa n'kumakwera munthu akabwereza. Chindapusa chachikulu pa kulakwa koyamba chimangobala udani.

Za mitengo ndinenepo ziwiri. Musanathamangire ku nazale, yang'anani zitsa. Ku Niger, kuyambira cha mu 1983, Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, pamodzi ndi alimi a m'chigawo cha Maradi anaonetsa kuti kusankha mphukira zochepa pa chitsa chamoyo n'kusadzira zinazo kumabweza mitengo msanga kuposa mbande, poti mizu ilipo kale pansi. Chofunika ndi kuteteza ku moto ndi mbuzi. Chachiwiri, bulugamu musamuike pafupi ndi kasupe kapena dambo, amamwa kwambiri. Ku South Africa boma linayambitsa pulogalamu ya Working for Water mu 1995 yodula mitengo yachilendo yofalikira yokha, chifukwa inkachepetsa madzi m'mitsinje.

Anzanu akugwa ulesi chifukwa sakuona kusintha, ndiye apatseni choti aone. Sankhani khwawa limodzi laling'ono, osati mtsinje wonse. Sankhaninso chitsime chimodzi chapafupi, muziyeza kuya kwa madzi ndi chingwe tsiku lomwelo mwezi uliwonse, n'kulemba m'kope. Mvula ikagwa tungani madzi a m'khwawalo m'botolo loonekera mkati, adikhe usiku wonse, mulembe mzere pamene matope alekezera. Lembaninso tsiku limene khwawalo lasiya kuyenda chaka chino. Chaka chamawa mudzabwere ndi kope ndi mabotolowo pa msonkhano, a kumtunda mutawaitana.